KODI MAKADI A M'LAIBULALE YATHU ATHA NTCHITO?

Munthu akamalowa m'laibulale yathu, ku dzanja lamanja pafupi ndi chitseko amapeza kabati ya matabwa yokhala ndi timadilowa 12. Ambiri a inu mumaipitirira tsiku ndi tsiku osaiyang'ana n'komwe, ndipo anzathu ena a Fomu 1 amayesa kuti inaikidwa pamenepo kuti azisanjikapo zikwama zao. M'kabati imeneyi muli makadi, ndipo makadiwo ndiwo kaundula wa mabuku onse amene sukulu yathu iri nao. Dzina lina la kaundula wotere ndi katalogu.

Teremu yathayi, sukulu italandira makompyuta, nkhani ya kabatiyi inabuka pa mtsutso wa Lachisanu madzulo. Mnzathu wina wa Fomu 4, amene sasowa chonena, anaimirira nati, "Kabatiyo tiipereke kukhitchini akaphikire nyemba. Masiku ano munthu akafuna kudziwa kanthu amangofunsa foni, ndipo foniyo imamuyankha asanameze malobvu." Anthu anaseka naomba m'manja. Ine ndinali pomwepo, koma sindinathe kumuyankha pakuti belu linalira. Tsono popeza ndakhala ndikuthandiza aphunzitsi oyang'anira laibulale kwa zaka ziwiri, ndipo fumbi la makadi amenewa ndalipuma mokwanira, ndapempha akonzi a magazini ino kuti andipatse malo ndiyankhe mofatsa. Mnzangayo ananena zoona pa mbali imodzi ya nkhaniyi. Mbali inayo ndiyo ndifuna kuti tiione pamodzi.

Ntchito ya kaundula

Tiyerekeze mlendo amene wafika m'mudzi waukulu kudzafuna munthu. Iye sayamba kuodira khomo ndi khomo. Amapita kwa nyakwawa natchula dzina, ndipo nyakwawa amamuuza kuti munthuyo alipo, nyumba yake ndi iyo iri kuseri kwa mtengo wa mango. Ngakhale mlendoyo aiwale dzina nangoti, "Ndikufuna amai aja oumba mbiya," nyakwawa adzamulozerabe njira, mwinanso adzamuuza kuti oumba mbiya m'mudzimo alipo atatu. Kaundula ndiye nyakwawa wa mabuku.

M'chaka cha 1876 munthu wina wa ku America, dzina lake Charles Cutter, anasindikiza malamulo a kalembedwe ka kaundula, ndipo zolinga zimene iye anaika zikutsatidwabe kufikira lero. Choyamba, kaundula athandize munthu kupeza buku ngati adziwa chimodzi mwa zinthu zitatu izi: wolemba, dzina la buku, kapena nkhani imene bukulo likukamba. Chachiwiri, aonetse zonse zimene laibulale iri nazo za wolemba mmodzi kapena za nkhani imodzi. Chachitatu, athandize munthu kusankha pakati pa mabuku ofanana. Ndicho chifukwa chake buku limodzi timalilembera makadi atatu, ndipo khadi lirilonse limapita ku dilowa lake. Pa khadi timalemba dzina la wolemba, kuyambira ndi la makolo, kenaka dzina la buku, mzinda umene linasindikizidwa, osindikiza, chaka, ndi kuchuluka kwa masamba. Pa ngodya yakumanzere timaikapo nambala, ndipo nambala yomweyo timaimata kumsana kwa buku.

Nambala imeneyi si yongolota ai. Inachokera kwa Melvil Dewey, amene m'chaka chomwecho cha 1876, ali mnyamata wa zaka 24, anatulutsa kabuku ka masamba 44 kogawa nzeru zonse za anthu m'magulu 10. Mabuku a zinenero ali pa 400, a sayansi pa 500, a ndakatulo ndi nthano pa 800, a mbiri ndi maiko pa 900. Gulu lirilonse limagawidwanso pakhumi, kotero kuti masamu ali pa 510 ndipo kemisitiri pa 540. Nambala ikamatalika, nkhani imanka nichepa, monga momwe munthu pofotokoza kwao amayamba ndi chigawo, kenaka boma, kenaka mfumu yaikulu, potsiriza mudzi. Mbiri ya Africa iri pa 960, ya kumwera kwa Africa pa 968, ndipo ya Malawi pa 968.97. Mukadziwa nambala imeneyi mungathe kulowa m'laibulale iriyonse yotsata njira ya Dewey, ngakhale ya kunja kwa dziko lino, ndi kuyenda molunjika ku shelefu ya mabuku a kwathu.

Kaundula wasintha zobvala kangapo

Makadi sanakhalepo chiyambire. Zaka zoposa 2,200 zapitazo, ku laibulale yaikulu ya ku Alexandria m'dziko la Egypt, katswiri wina dzina lake Callimachus analemba mndandanda wa olemba achigiriki ndi zolemba zao, ndipo mndandandawo unadzaza mipukutu 120. Pambuyo pake, kwa zaka mazana ambiri, kaundula ankalembedwa m'mabuku aakulu osokedwa. Bvuto lake linali lakuti buku latsopano likafika, panalibe mpata wolilembera pamalo pake pakati pa maina ena. Anthu ankapanikiza zilembo m'mphepete mwa tsamba mpaka kaundula yense ankafunika kukoperedwa kachiwiri. Khadi linathetsa bvuto limeneli, pakuti khadi latsopano mumangolilowetsa pakati pa anzake.

M'chaka cha 1901 laibulale ya Congress ya ku Washington inayamba kugulitsa makadi osindikizidwa kale. Apa panabadwa nzeru imene iri yofunika kwambiri pa nkhani yathuyi, yakuti buku likalembedwa bwino kamodzi ndi munthu wodziwa, malaibulale ena zikwizikwi sayeneranso kubvutika nalo. Makompyuta atabwera, mai wina wogwira ntchito m'laibulale yomweyo, Henriette Avram, anatsogolera anzake kukonza njira yotchedwa MARC, imene inakhwima m'chaka cha 1968. M'njira imeneyi mbali iriyonse ya khadi inapatsidwa nambala yake kuti makina aizindikire: 100 ndi malo a wolemba, 245 ndi malo a dzina la buku. M'chaka cha 1971 bungwe la OCLC la ku Ohio linayamba kulumikiza malaibulale kuti azigawana zolemba zoterezi pa kompyuta, ndipo kaundula wao, wotchedwa WorldCat, anakula nafikira maiko ambiri. Bungwe lomweli linkasindikizanso makadi, koma pa 1 October 2015 linasindikiza makadi ake otsiriza.

Motero mnzanga uja sananame. Makadi alikutha, ndipo tsiku lina kabati yathu idzapuma. Koma taonani chimene chakhala chikuchitika. Mpukutu unatha, buku losokedwa linatha, khadi lirikutha, koma mafunso atatu aja a Cutter akalipobe. Zimene zakhala zikutha ndi zobvala chabe. Mwini zobvalazo ali moyo.

Chimene foni siidziwa

Chaka chatha aphunzitsi athu a Chichewa anandituma kuti ndilembe mndandanda wa mabuku onse a chinenero chathu amene ali m'laibulale. Ndinkayesa kuti ndi ntchito ya madzulo amodzi, koma inanditengera masabata atatu, ndipo ndi pamenepo ndinaphunzira chimene wolemba kaundula amachita.

Choyamba ndinakumana ndi Samuel Josia Ntara, amene analemba Nthondo, buku limene linatuluka m'chaka cha 1933, ndiponso Mbiri ya Achewa. Dzina la mkulu ameneyu m'malo ena limalembedwa Ntara, m'malo ena Nthara. Ndikufufuza pa Nthara ndinapeza kakhadi kopanda nambala, kolembedwa ndi inki yofwifwa, kongonena kuti, "Nthara, onani Ntara." Sindidziwa amene anakalemba, koma munthuyo anaganizira ine ndisanabadwe. Anadziwa kuti maina awiriwa ndi a munthu mmodzi, nasankha limodzi loti mabuku onse asonkhane pansi pake, nasiya chizindikiro pa linalo kuti wosochera abwerere. Komanso buku la Nthondo linamasuliridwa m'Chingerezi ndi T. Cullen Young, nilituluka m'chaka cha 1934 ndi dzina lakuti Man of Africa. M'maina awiriwa mulibe liu ngakhale limodzi lofanana. Munthu wosauzidwa sangadziwe kuti nkhani yake ndi imodzi.

Chachiwiri ndinakumana ndi dzina la chinenero chathu. Mabuku akale amati Chinyanja, ndipo ambiri amalemba Cinyanja, popanda h. M'chaka cha 1968 chinenerochi chinayamba kutchedwa Chichewa kuno ku Malawi, pamene abale athu a ku Zambia akuchitchulabe Cinyanja. Makina ofufuza zilembo mukawalembera liu lakuti Chichewa, angathe kudumpha buku labwino la galamala chifukwa pachikuto pake palembedwa Cinyanja. Pofuna kupewa zimenezi, olemba kaundula anagwirizana kuti buku lirilonse la chinenero chathu liziikidwa chizindikiro cha zilembo zitatu, nya, kaya chikuto chikunena chiani. Koma chizindikirocho sichidziika chokha. Pafunika munthu amene watsegula bukulo nazindikira kuti ichi ndi chinenero chakuti.

Maina a malo nao ali ndi msampha womwewo. Dziko lathu linkatchedwa Nyasaland kufikira 1964. Mangochi ankatchedwa Fort Johnston, Nsanje ankatchedwa Port Herald, Chitipa ankatchedwa Fort Hill. Wophunzira wa ku Nsanje wofuna mbiri ya kwao adzabwerera chimanjamanja ngati palibe amene analumikiza maina awiriwo. Paja akulu anati safunsa anadya phula, koma wofunsayo amafunanso womuyankha wodziwa.

Chachitatu chimene ndinaphunzira chinandiwawa. Kuseri kwa chitseko cha chipinda chosungira katundu munali makatoni atatu a mabuku amphatso, amene anakhala chaka chathunthu osatsegulidwa chifukwa panalibe wopeza nthawi yowalembera makadi. Titawatsegula tinapeza kuti chiswe chalowa m'katoni yapansi nichidya mabuku kuyambira kumsana. Ena mwa iwo anali a bayoloji, a mtundu womwewo umene a Fomu 4 ankalimbirana mpaka kubisirana pansi pa matiresi. Mabukuwo anali pasukulu pompano nthawi yonseyi, koma popeza sanali m'kaundula, kunali ngati kulibe.

Zimene zinachitika m'makatoni athu zirikuchitikanso m'dziko lonse. Foni imapeza zokhazo zimene munthu wina analemba naziika poti makina azifikire. Timabuku tambiri ta Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, tosindikizidwa ndi mipingo kapena ndi anthu paokha, sitinalembedwe m'kaundula aliyense wa pa intaneti. Lamulo la dziko lino limafuna kuti wosindikiza buku apereke kope ku National Archives ku Zomba, ndipo buku lokonzedwa bwino limakhala ndi nambala ya ISBN, imene kuyambira 2007 iri ndi manambala 13. Mukaona 99908 kapena 99960 pambuyo pa 978, dziwani kuti osindikiza bukulo ndi a ku Malawi. Koma kabuku kopanda nambala imeneyi, kosafika ku Zomba, kosalembedwa m'kaundula, kakatha m'manja mwa anthu kadzatha osasiya phazi.

Zimene zirinkudza

Nanga kaundula wa mawa adzakhala wotani? Pali zinthu zinai zimene zayamba kale kuoneka.

Choyamba ndi kulumikiza. Khadi lakale limafotokoza buku limodzi palokha, monga munthu wopanda mbale. M'chaka cha 1998 bungwe la IFLA, limene limasonkhanitsa malaibulale a maiko ambiri, linatulutsa maganizo akuti mabuku tiziwaona monga mbumba. Nkhani imene wolemba anaganiza ndiyo kholo. Mau ake m'Chichewa ndi kumasulira kwake m'Chingerezi ndiwo ana. Kusindikiza kwa chaka chakuti ndi kwa chaka chakuti ndizo zidzukulu. Ndipo kope lothothoka chikuto liri pa shelefu yathu ndilo chidzukulutudzi. Malamulo atsopano otchedwa RDA, amene anatuluka m'chaka cha 2010 ndipo laibulale ya Congress inayamba kuwatsata mu 2013, anamangidwa pa maganizo amenewa. Mu 2012 laibulale yomweyo inaonetsanso njira yotchedwa BIBFRAME, yoti idzalowe m'malo mwa MARC, ngakhale kuti MARC ikugwirabe ntchito m'malaibulale ambiri. Cholinga chake n'chakuti wolemba aliyense akhale ndi malo amodzi pa intaneti pamene maina ake onse asonkhanitsidwa, ndipo mabuku ake onse aziloza pamenepo. Wofuna Nthondo adzaonetsedwa pomwepo Man of Africa. Mukaganiza bwino muona kuti ndi ntchito ya kakhadi kaja ka inki yofwifwa, koma tsopano yochitikira anthu a dziko lonse lapansi.

Chachiwiri, kaundula sadzakhala wa mabuku okha. Nkhani zojambulidwa pa wailesi, mafilimu, mapu, nyuzipepala zakale ndi zolemba za ophunzira a ku yunivesite, zonsezi zifuna kulembedwa kuti zipezeke. Mau a agogo ofotokoza mbiri ya mudzi akajambulidwa popanda kulemba kuti wolankhulayo ndani, analankhulira kuti, liti, ndipo m'chinenero chanji, pakapita zaka 20 adzakhala phokoso chabe. Zinthu zikamachuluka, kufunika kwa nyakwawa kumakulanso.

Chachitatu ndi makina othandiza kulemba. Laibulale yaikulu ya dziko la Finland inapanga pulogalamu yotchedwa Annif, imene imawerenga zolembedwa nkupereka maganizo a mitu yoyenera. Pulogalamuyi imaphunzira poona zitsanzo zambirimbiri zimene anthu analemba kale. Mwana amalankhula chinenero chimene wamva pakhomo, ndipo makina nao ali chimodzimodzi. Kumene zitsanzo ziri zochuluka, monga m'Chingerezi, amathandiza ndithu. Kumene ziri zochepa, monga m'zinenero zathu, amapunthwa. Palinso makina ocheza nao, amene anatchuka kuyambira 2022. Awa nthawi zina amatchula buku limene kulibe, nalipatsa wolemba, chaka ndi osindikiza, zonse zooneka ngati zoona. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Wophunzira akalandira dzina la buku kuchokera ku makina otere, malo oti akatsimikize ndi m'kaundula wa laibulale, pakuti kaundula ndi umboni wakuti munthu wina analigwira bukulo m'manja naona masamba ake.

Chachinai ndi kukonza zokhota zakale. Dewey anagawa nzeru monga momwe zinkaonekera kwa munthu wa ku America wa nthawi yake. Chingerezi chinapatsidwa manambala onse kuyambira 420 kufikira 429, Chijeremani chinatenga a 430, Chifalansa a 440. Koma zinenero za mu Africa, zimene ziri mazanamazana, zinapanikizidwa pa nambala imodzi, 496, ndipo zathu za Chibantu ziri pa 496.39. Mabuku a nthano ndi ndakatulo a m'zinenero zimenezi nao ali pamodzi pa 896. Pitani mukaone shelefu yathu ya 896, mudzapeza Chichewa, Chitumbuka ndi Chiswahili zitathithikana ngati anthu m'minibasi. Njira ya Dewey yakonzedwa kambiri chiyambire 1876 ndipo ikukonzedwabe, koma okonzawo sangadziwe pamene pakutipweteka ngati ife eni ake sitikhala nao pa ntchitoyo. Mwina pakati pa inu amene mukuwerenga pali wina amene adzaphunzira ntchito imeneyi, monga ena amaiphunzira ku yunivesite ya Mzuzu.

Nanga kabati yathu?

Aphunzitsi oyang'anira laibulale akuganiza zoti tisamutse kaundula wathu kumka pa kompyuta. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Koha, imene inayambira ku New Zealand m'chaka cha 2000, ndipo dzina lake m'chinenero cha Amaori litanthauza mphatso. Ine ndikubvomereza ndi mtima wonse. Pa kompyuta munthu adzafufuza ndi liu lirilonse, adzadziwa ngati buku labwerekedwa, ndipo sitidzalembanso makadi atatu pa buku limodzi.

Koma kompyuta imafika yopanda kanthu m'mimba. Siidziwa kuti tiri ndi mabuku angati, ndipo siidziwa kuti Ntara ndi Nthara ndi munthu mmodzi. Zonsezi ziri m'kabati muja, ndipo ziyenera kusamutsidwa khadi ndi khadi, wina akuwerenga khadi, wina akuyang'ana pa shelefu ngati bukulo likalipo, wina akutaipa. Tikalakwitsa chilembo chimodzi pa dzina la wolemba, buku lidzasowa m'kompyuta monga momwe linasowera m'katoni. Tikumbukirenso kuti magetsi amazima, ndipo amakonda kuzima sabata ya mayeso. Usiku wotere khadi limawerengeka ndi tochi. Chotero kabatiyo ikhale pamalo pake kufikira ntchito yonse itatha ndi kuyesedwa.

Tsono ndiri ndi zopempha zitatu kwa inu anzanga. Musazule makadi m'madilowa kuti muikire chizindikiro m'buku kapena kulembapo timakalata, pakuti khadi limodzi likasowa, buku limodzi lasowa. Mukatha kuwerenga, musabwezere buku pa shelefu iriyonse imene yakuyandikirani, koma lisiyeni pa tebulo kuti ife tikaliike pa nambala yake. Ndipo amene mungathe, bwerani Loweruka m'mawa tikatha kuchapa. Anthu 10 akalemba mabuku 10 aliyense, ndiwo mabuku 100 pa sabata, ndipo m'masabata 10 tidzakhala titalemba 1,000. Mutu umodzi susenza denga. Tidzayamba ndi shelefu ya 896, chifukwa mabuku a Chingerezi ena anawalemba kale kwina ndipo tingathe kukopera, koma ambiri a m'zinenero zathu akudikira ife.

Mnzanga wa pa mtsutso uja ndamusungira mpando pafupi ndi kompyuta, popeza ndamva kuti amataipa mofulumira kuposa tonse. Nyemba zipse ndi nkhuni zina.

Wophunzira wa Fomu 4,
Wothandiza m'Laibulale